Kazenera ka Nambala 21

Amayi anga ndi amuna anga akhala pamudzi umodzi zaka makumi awiri ndi ziwiri, koma mutafunsa mmodzi wa iwo kuti mnzakeyo amaoneka bwanji, akuuzani za mapazi. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi amathawana. Akakumana panjira, wina amapatukira m'munda mpaka mnzake adutse. Anthu ambiri mwambowu amauthetsa akangobereka mwana mmodzi kapena awiri, amapha nkhuku, nkudya, basi zatha. Awiri awa ayi ndithu. Mwana wathu Monalisa wafika ku koleji ku Blantyre, iwo akadali kulumphira mu nandolo wa eni ake.

Musaganize kuti amadana. Aaa, ndiye mwalakwitsa! Denga la amayi likadontha, amuna anga a Moffat amadikira kuti amayi apite kudimba, nkukwera kukakonza. Mapeyala oyamba kupsa, amayi amasankha aakulu nkuwasiya pamwala wa pafupi ndi njinga ya akamwini awo. Loweruka masana amayi amakhala pakhonde pawo atayang'ana kukhoma, a Moffat amakhala patsinde pa mtengo wa mapeyala atayang'ana kuphiri, wailesi ili pakati, nkumakangana za mpira mpaka mawu kusasa. Amayi ndi a timu yabuluu, a Moffat ndi a yofiira. Ine mwana wawo, ine mkazi wawo, ndimangokhala ngati wodzapempha moto.

Ndiye inabwera foni ya achimwene anga a Chester, amene amakhala ku Gurue, ku Mozambique. Mawondo a amayi anali atafika povuta, ndipo alamu anga kumeneko ndi anamwino. Anagwirizana kuti Loweruka la sabata yotsatira achimwene adzanyamuka nawo pa galimoto kupita kumeneko. Sanali kupita kukacheza ayi. Anali kupita kukakhala.

Ine ndine Madalo, wojambula zithunzi pa Thuchila. Kachipinda kanga kali pafupi ndi chigayo, moti makasitomala ndimayamba ndawakuntha ufa m'mapewa ndisanawajambule. Ndajambula maukwati, zinkhoswe, ana a sukulu, ngakhale mbuzi za mabungwe zokhala ndi nambala kukhutu. Koma tsiku la foni ija nditatsegula chikwama cha zithunzi za pakhomo, ndinapeza amayi ali okha, a Moffat ali okha. Panalibe pepala ngakhale limodzi lomwe anthu awiriwa analipo onse. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinachita manyazi ngati telala woyenda ndi malaya ong'ambika.

Ndinayamba ndi amayi.

"Amayi, musanapite ndikufuna ndikujambuleni limodzi ndi bambo a Mona."

"Limodzi bwanji? Wapenga kodi iwe?"

"Pa pepala limodzi basi."

Anaganiza kwa kanthawi akusenda chinangwa. "Kujambula jambula, ndi ntchito yako. Koma ine ndikhala pakhonde panga pano, iwo akhale pamalo pawo paja. Usandisunthe ngakhale phazi limodzi. Ulemu sutha chifukwa cha kamera."

A Moffat nawonso chimodzimodzi. "Ngati amayi avomera, ine ndine ndani? Koma pamtengo panga paja sindichokapo." Anthu awiri ouma mitu anapezana, ine ndi amene ndinkavutika.

Ndinayeza bwalo ndi mapazi. Kuchokera pakhonde kufika pamtengo, mapazi khumi ndi awiri. Kuti anthu otalikirana chonchi alowe m'chithunzi chimodzi, wojambula amabwerera m'mbuyo. Koma bwalo lathu ukabwerera mapazi asanu ndi awiri, lachisanu ndi chitatu ukupezeka m'chigwembe cha mtsinje, pakati pa nthochi. Ndinayesa ndi kamera yanga ya kuntchito: ndikalowetsa khonde, mtengo watuluka. Ndikalowetsa mtengo, khonde latuluka. Ndinayesa njira ya pafoni ija yomazungulira nayo pang'onopang'ono, mbuzi inadutsa nkutuluka ndi mitu iwiri.

Ndinamuimbira Monalisa kuti ndimudandaulire.

"Amama, bwanji osangowajambula payekhapayekha, ine ndiwamate pa kompyuta?"

"Iwe, ndinakulipirira sukulu kuti uzidzandinyoza? Ine ndine wojambula, si wosoka zigamba! Ndikufuna anthuwa monga akhalira, tsiku limodzi, dzuwa limodzi."

"Pepani amama. Nanga kamera ya agogo ija?"

Mwanayu nthawi zina nzeru amakhala nazo.

Malemu bambo anga anali khuki wa bwana wina wa ku esiteti ya tiyi. Mzungu ameneyo ankakonda kukwera phiri ndi kulijambula, ndipo pobwerera kwawo anawasiyira bambo kamera yake ya filimu. Ndi kamera yaing'ono, yolemera ngati mwala, ndipo lenzi yake yalembedwa 15. Nambala ikachepa ndiye kuti lenzi imaona patali m'mbali. Ya 15 imameza bwalo lonse, ukapanda kusamala imajambula ndi zala zako za kumapazi zomwe.

Koma kamera za mtundu umenewu zili ndi khalidwe lake. Pojambula suyang'ana kudzera mu lenzi monga zimachitira kamera zina. Umasuzumira pa kazenera kake ka pambali, ndipo kazenera kameneko kamangoonetsa pakatikati pokha. Lenzi ikuona mudzi wonse, iwe ukuona chitseko. Nchifukwa chake lenzi yotere imayenda ndi kazenera kena kapadera, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamene umakalowetsa pamwamba pa kamera, pamene pamakhala fulashi. Kameneko ndiko kamakuuza pamene chithunzi chayambira ndi pamene chathera. Kathu kanalipo. Monalisa yemweyu ali ndi zaka zitatu anakaponya m'chitsime kuti amve kulira kwa madzi.

"Filimu ndibwera nayo Lachisanu," anatero Monalisa. "Kuno kuli mayi wina, a Patricia, amatsuka mafilimu akuda ndi oyera kunyumba kwawo. Koma kazenerako ndiye sindikudziwa."

"Usadziwe bwanji, si kali m'chitsime momwe unakasiya?"

Apa ndiye panali nkhani. Filimu ifika Lachisanu, amayi anyamuka Loweruka m'mawa, ndipo chithunzi cha filimu suchiona mpaka chitatsukidwa. Ndikadula munthu mmodzi, ndidzadziwa amayi ali kale kutsidya kwa malire.

Lachitatu ndinakwera minibasi kupita ku Limbuli, kwa Che Abdulkadir. Mkulu ameneyu amakonza mawotchi ndi mawailesi, ndipo mabwana a m'maesiteti akamasamuka, iye amakhala woyamba kufika pogula zotsala. M'sitolo mwake muli chilichonse chimene munthu sachifuna mpaka tsiku limene wachifuna. Ndinamufotokozera za ulendo wa amayi, nkutulutsa kamera ija.

"Che Abdulkadir, ndikufuna kazenera ka pamwamba pa kamera iyi."

Anaitenga kamera ija ndi manja awiri, naiyang'ana uku ndi uku. "Mashallah! Achemwali, ichi ndi chitsulo. Mukufuna fainda. Mwabwera pakhomo poyenera."

Analowa kuseri, ndinamva zitini zikugwa, mphaka anatuluka akuthawa. Anabwera ndi chitini cha mabisiketi. M'katimo munali mabatani, makiyi, mano oikirira a munthu wina, ndi tizenera titatu. Anatindandalika patebulo. Koyamba kanali ka siliva, kolembedwa 28. Kachiwiri kanali ka pulasitiki wakuda, kong'aluka pakona, komangidwa ndi selotepi, kolembedwa 21. Kachitatu, eee, kanali kokongola ngati ndolo ya mkwatibwi: kakakulu, galasi lake lotukuka, kokhala ndi kachikwama kake kachikopa. Kanalembedwa 12.

"Ka 15 palibe?"

"Ka 15 kulibe Mulanje yense. Mwina ku Joni. Amayi anuwo anyamuka liti?"

"Loweruka."

"Ndiye tengani aka." Anandikankhira kokongola kaja. "Ka 12 kamaona zambiri kuposa 15. Chachikulu sichilakwa, achemwali. Nsapato yaikulu umaikamo pepala, yaing'ono umatani nayo?"

Ndinakalowetsa pakamera nkusuzumira. Mayo ine! Limbuli yense analowa m'diso langa: msika, mzikiti, anyamata a kabaza, phiri kumtunda uko, mwina ndi theka la Mozambique. Kuwala kwake ngati wasamba m'maso. Kunena zoona mtima wanga unagwa pomwepo, ndipo dzanja linayamba kale kulowera kuchikwama. Koma ndinakumbukira kuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

"Che, tiyeni tiyese kaye."

"Tiyese bwanji popanda filimu?"

"Muona."

Njira imeneyi anandiphunzitsa bambo, iwonso anaonera kwa bwana wawo. Pakhomo loyandikana ndi sitoloyo pali telala, a Spencer. Ndinawapempha kapepala kopyapyala kamene amadulira mapatani a madiresi. Ndinatsegula chitseko cha kumbuyo kwa kamera, nkuyala kapepalako pamene pamagona filimu, nkutsegula lenzi kuti ikhale chitsegukire. Ukatero, nkudzifunditsa nsalu kuti kukhale mdima, chimene lenzi ikuona chimaoneka pakapepalapo, chozondoka, miyendo m'mwamba. Pamenepo palibe bodza, chifukwa ndi chimene filimu idzalandire.

Tsono ndinafunika anthu awiri. A Spencer ndinawaimika kumanzere. "Inu ndinu amuna anga."

"Zikomo kwambiri, mayi. Tiyamba liti?"

"Khalani chete, imani pomwepo."

Kumanja kunali mayi wogulitsa zinanazi, mai Joice. "Inu ndinu amayi anga. Mawondo akukupwetekani, ndipo simumva za munthu."

"Zimenezo ndiye ndine ndithu," anatero mai Joice, nakhala pa ndowa yawo.

Ndinawerenga mapazi khumi ndi awiri pakati pawo, ine nkubwerera asanu ndi awiri mpaka pakati pa msewu. Kamera ndinaikhazika pampando wautali wa Che Abdulkadir, ndinavula mpango nkudzifunditsa. Anthu a kabaza anayamba kuima. Wina anafunsa ngati ndikuombeza. Ndinamuyankha ndili m'nsalu momwemo kuti inde, ndipo ndaona kuti njinga yakeyo ndi yobwereka.

Pakapepala paja a Spencer ndi mai Joice anaoneka onse awiri, atapachikika mitu pansi ngati mileme, ndipo kuseri kwa aliyense kunatsala malo pang'ono. Mtima unakhala pansi: lenzi ikukwanitsa. Tsopano tizenera.

Ka 28 sikanachedwe kugwa mayeso. Ndinangoonamo khomo la sitolo ndi mphaka uja, amuna anga ndi amayi anga kulibe. Ndinakabweza m'chitini kuti kakacheze ndi mano aja.

Ka 12 kanaonetsa onse awiri, ndi malo ambirimbiri m'mbali. Che Abdulkadir anaomba m'manja. "Mwaona? Ndinanena ine!"

"Dikirani. Mai Joice, tasunthirani uko mapazi anayi."

Anasuntha ndi ndowa yawo. M'kazenera kokongola kaja anali akuonekabe bwinobwino, akundibayibitsa. Ndinalowa m'nsalu kuyang'ana pakapepala. Kulibe! Ndi ndowa yomwe kulibe.

"Che, bwerani muone nokha."

Mkuluyo anavula kofia, nalowetsa mutu m'mpango mwanga, anthu nkumafa ndi phwete. Anatuluka, nasuzumira m'kazenera, nalowanso m'nsalu. Kachitatu anatuluka akupukusa mutu.

"Astaghfirullah. Kameneka nkabodza."

"Nkabodza kokongola. Kandiuza kuti amayi alimo, ine nkujambula ndi mtima wonse, chithunzi nkudzabwera muli khoma lokha."

Kanatsala konyansa kaja, ka selotepi. Galasi lake linali lachikasu ngati diso la wodwala chikasu, ndipo chifukwa cha magalasi anga a m'maso ndinachita kukanikiza nkhope kuti ndione m'makona. Mai Joice atabwerera pamalo pawo, onse awiri analowa, koma mothinana: a Spencer phewa likukhudza m'mphepete, mai Joice chigongono chodulidwa. Ndinawauza kuti asunthe mapazi awiri. M'kazenera anasowa, koma pakapepala analipo. Phazi lachitatu, pakapepala panatsala theka la munthu.

"Aka nkaumbombo," anatero Che Abdulkadir. "Kakukubisirani zina."

"Kazibisa. Chimene kandionetsa ndiye kuti chilimo ndithu, ndipo lenzi indiwonjezera mapazi awiri mbali iliyonse ngati basera. Bola wokulonjeza pang'ono nkukupatsa zambiri."

"Ndiye mukusiya mkwatibwi nkutenga nkhalamba ya bandeji?"

"Ndazolowera, Che. Simunawaone a Moffat."

Tinagwirizana kuti m'malo mwa ndalama ndidzabwera kudzajambula sitolo yake yonse m'chithunzi chimodzi, ndi mphaka yemwe. Mai Joice anandigulitsa zinanazi ziwiri mokakamiza, akuti mwana sasiya amake osawagula kanthu.

Achimwene a Chester anafika Lachinayi. Lachisanu masana Monalisa anatsika minibasi ndi filimu m'chikwama. Nthawi imeneyo nkuti phiri litayamba kufunda mtambo, ndipo kamphepo kozizira ka chiperoni kakuwomba kuchokera kum'mawa. Aliyense wa kuno amadziwa kuti zikatero watsala ndi nthawi yochepa.

Amayi anatuluka atavala chitenje chawo cha ku Mvano ndi duku latsopano, nakhala pakhonde atapenya kukhoma, m'mphepete mwa chitenje ataphimba nacho tsaya. A Moffat anavala jekete la ukwati wathu, limene mabatani ake anasiya kalekale kugwirizana ndi mimba, naima pamtengo chipewa chili m'manja, maso ali kuphiri. Pakati ndinayala mphasa, nkukhazikapo achimwene ndi Monalisa kuti bwalo lisaoneke lopanda anthu. Ine ndinaima m'mphepete mwa chigwembe, chidendene chili m'malere.

Ndinasuzumira m'kazenera kanga ka selotepi. Onse analimo, amayi kumphepete uku, a Moffat kumphepete uko. Ndinadina. Ndinapukusa filimu, nkudinanso. Kasanu ndi kamodzi ndinadina, kuopa kuti wina waphethira.

"Watha?" anafunsa amayi, akuuza khoma.

"Ndatha, amayi."

Ndinali wokondwa ngati ndatola ndalama. Amayi anagwira ndodo yawo nadzuka, nayamba kulowera kuchitseko. A Moffat anabwerera m'mbuyo kumene kunali njinga yawo. Pamenepo ndi pamene Monalisa anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Amama, kodi chivindikiro chija chimakhala pomwepo pojambula?"

Ndinatembenuza kamera. Kalanga ine! Chivindikiro chakuda chili phaa pa lenzi, monga ndinachiikira pochoka ku Limbuli. Kamera zina ukaiwala chivindikiro umangoona mdima, nkudziwa. Iyi ayi. Kazenera kali pamwamba payekha, kakukuonetsa dziko lokongola, pamene lenzi yatsinzina. Zaka makumi awiri ndikujambula anthu, ine Madalo, ndinajambula mdima kasanu ndi kamodzi.

Zimene ndinalankhula pamenepo sindingazibwereze, chifukwa ndine wa Mvano. Ndinatukwana chivindikiro, ndinatukwana mzungu uja ndi phiri lake, ndinamukumbutsa Monalisa za chitsime. Chivindikirocho ndinachizula nkuchigenda, chinakamenya tambala amene ankadutsa, tambala nkudumphira pamutu pa achimwene. A Chester anagwa chagada akukuwa m'Chipwitikizi. Ine pobwerera m'mbuyo phazi linaterereka, ndinakhala pansi m'matope mwendo umodzi uli m'chigwembe.

Bwalo lonse linaphulika. Ndinamva kuseka kwa amayi kumanja, kuja kokhala ngati akutsamwa, ndi kwa a Moffat kumanzere, kwa mabesi. Ndili pansi pomwepo ndinakweza kamera, nkudina kamodzi. M'kazenera munali achimwene, Monalisa ndi nthenga za tambala. Amayi munalibe. A Moffat munalibe.

"Amayi, chonde khalaninso pang'ono! Kamodzi kokha!"

"Iwe, ndakhala kasanu ndi kamodzi. Mawondo angawa si a boma." Anali akupukuta misozi ya kuseka. "Ukanakhala dokotala bwenzi tonse titatha."

Analowa m'nyumba. Ndisanadzuke nkomwe, chiperoni chinafika, bwalo lonse linachita mbuu, moti mtengo wa mapeyala sunkaonekanso. Chinagwa usiku wonse. M'mawa kusanayere bwino, mvula ikadali kuwaza, galimoto inanyamuka. A Moffat anasenza katundu yense kukakweza, kenaka anakaima kuseri kwa nyumba kuti amayi adutse. Anatsanzikana mokuwa, khoma lili pakati.

"Musamale mwana wanga, bambo!"

"Muyende bwino, amayi! Chaka chino chikho nchathu!"

"Mulota!"

Masabata awiri otsatira, musafunse. Ndinkapita pabwalo kukawerenga mapazi. Amayi anali atafika pati? Pachitseko ndi mapazi atatu kuchokera pamene anakhala. Koma kodi anali atafika, kapena anali panjira? Nanga njinga inali pati? Ndikafunsa a Moffat, ankangoti, "Ine ndinkaseka, mayi a Mona, sindinkawerenga." Ndinkakwiya ndi aliyense. Kasitomala wina anandifunsa ngati chithunzi cha chiphaso chingamuchotse makwinya, ndinamuuza kuti apite kwa osita zovala. Usiku ndinkalira mwakachetechete, chifukwa ndinkadziwa kuti mwayi unali umodzi ndipo ndinautaya ndekha ndi manja anga.

Tsiku lina Lachiwiri kondakitala wa minibasi anandiponyera envelopu yaikulu pakhomo la kachipinda kanga. Pamwamba Monalisa analemba kuti, "A Patricia akuti zisanu ndi chimodzi zoyambazo ndi zithunzi zabwino kwambiri za usiku." Mwana wopanda mwambo. Sindinaitsegule pomwepo. Ndinatseka chitseko, ndinakwera kabaza mpaka kunyumba, nkukakhala pakhonde la amayi.

Chithunzi chinali chimodzi, chachikulu, chopendekeka chifukwa ndinajambula ndili pansi. Pakati achimwene miyendo m'mwamba, Monalisa atagwira pamimba, tambala ali m'malere. Pansi pake phazi langa lamatope. Ndinayendetsa maso kumanja pang'onopang'ono. Kumphepete kwenikweni, dzanja limodzi lili pachitseko, amayi! Lenzi yotere imakoka anthu a m'mphepete, ndiye anaoneka onenepa ngati mkazi wa sitolo, koma anali iwo, chitenje chitagwa kumaso, kukamwa kuli yasa. Kumanzere, khutu limodzi ndi phewa zitadulidwa, a Moffat, atawerama ndi kuseka, chipewa chili pabondo. Onse awiri ankayang'ana ine.

Ndinakuwa mpaka anthu a nyumba yoyandikana anatuluka.

A Moffat atabwera kuchokera kuntchito ndinawapatsa chithunzicho. Anayang'ana pakati, naseka tambala. Anadziyang'ana okha, nadandaula khutu lawo. Kenaka maso awo anafika kumanja, ndipo ndinawaona akubweza nkhope msangamsanga, monga amachitira panjira.

"Yang'anani, bambo a Mona. Ndi pepala ili."

Anayang'ana. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kuchita mantha.

"Kodi kampata ka pakati pa mano kaja unatengera kwa amayi?"

"Eya."

"Ine ndimayesa nkako wekha." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Amaseka bwino amayi."

Ndinachijambula ndi foni nkutumiza kwa achimwene. Sipanathe nthawi yophika tiyi, foni inalira. Ndinaikweza mawu kuti tonse timve. A Moffat atangomva kuti ndi amayi, anadzuka nakakhala pakona atapenya kukhoma.

"Iwe Madalo, wandinenepetsa chonchi bwanji? Anthu aziti ndinkadya ndekha."

"Ndi lenzi, amayi."

"Lenzi yakoyo ilibe ulemu. Chester, takulitsa mbali iyo. Ayi, iyo. Eya." Ndinkangomva nkhuku za ku Gurue. "Madalo."

"Amayi."

"Dazi limeneli linayamba liti?"

A Moffat anagwira pamutu.

"Papita zaka khumi, amayi. Mwina kuposa."

"Ndi imvi zomwe m'mbalimu." Mawu awo anatsika. "Ine ndimadziwa mnyamata wa tsitsi lambiri uja, amene ndinamusuzumira pazenera tsiku lobwera kudzafunsira mbeta. M'mutu mwanga anali yemweyo mpaka lero. Ndiye kuti mwana wa eni ake wakalambira pakhomo panga, akundikonzera denga, ine osaona?"

Ndinacheukira pakona pamene panali a Moffat. Amayi anapitiriza.

"Alipo pamenepo?"

"Alipo."

"Apatse foni."

Ndinawapatsa. Anailandira ndi manja awiri, akadali chopenya kukhoma.

"Bambo," anatero amayi, "ndakuonani. Muzivala chipewa m'mawa popita kuntchito, mwamva? Mutu umenewo ndi chiperoni sizigwirizana."

A Moffat anatembenuka, anatenga chithunzi chija patebulo, nachiimika pamaondo awo, nkuwayang'ana apongozi awo m'maso.

"Ndamva, amayi," anatero. "Inunso ndakuonani."